Mkangano wa Chikhulupiriro Umene Unawoloka Malire

Adzukulu anga, inu mumaganiza kuti mawu amene mumaloweza m'kalasi ya ubatizo anangogwa kumwamba ali okonzakonza. Ayi ndithu. Anthu anakanganirana mawu amenewa, ena mpaka ntchito inawathera. Ine ndinamva kwa bambo anga, amene anathawa chibalo cha Apwitikizi kuno ku Mandimba nakabatizidwa ku Zomba.

Kutsidya kwa malire kuja kunali mamishoni atatu apachibale. Livingstonia inayamba mu 1875, Blantyre mu 1876, onsewa ochokera ku Scotland. Achitatu anali a Dutch Reformed a ku Cape, amene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anawakhazikitsa pa Mvera mu 1889, likulu n'kudzasamukira ku Nkhoma. Mu 1924, ku Livingstonia, awiri oyambawo analumikizana n'kukhala CCAP. A Nkhoma anaima kaye pakhomo.

Chinawaimitsa ndi chikalata chachifupi chofotokoza zimene mpingo watsopanowo ukhulupirira. Mmenemo munalembedwa kuti Mawu a Mulungu amapezeka m'Malemba a Chipangano Chakale ndi Chatsopano. Kwa anthu a ku Scotland panalibe chodabwitsa, makolo awo ankanena choncho kuyambira m'katekisima wa Westminster. Koma akuluakulu a ku Cape anatukula makutu. Mantha awo anali akuti ukangovomera kuti Mawuwo ali m'kati chabe, mawa wina adzayamba kusankhula Baibulo ngati nyemba pa lichero, apa n'za Mulungu, apa n'za munthu. Yona ndi chinsomba chake atuluka lero, mawa Genesis. Iwo ankafuna zimveke kuti buku lonse, kuyambira chikuto mpaka chikuto, ndi Mawu a Mulungu.

Musawaseke msanga, chifukwa kwawo komweko utsi unali utayamba kufuka. Johannes du Plessis, wophunzitsa abusa ku Stellenbosch, anali atayambitsa magazini ya Het Zoeklicht mu 1923, mmene ankafunsa mafunso ovuta pa za kuuziridwa kwa Malemba. Anaimbidwa mlandu mu 1928, sinodi inamuchotsa mu 1930. Anakasuma kukhoti la boma n'kupambana, koma m'kalasi sanabwereremonso.

Chimene chinkawaseketsa bambo anga n'chakuti azungu omwewa anali atangomaliza kumasulira limodzi Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922. W.H. Murray wa ku Nkhoma ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anagwira ntchito imodzi zaka zambirimbiri, vesi ndi vesi. Buku litatha, mipingo yawo n'kuyamba kufunsana kuti kodi bukuli n'chiyani kwenikweni.

A Nkhoma analowa mu 1926, koma analowa ndi katundu wawo: Katekisima wa Heidelberg, Chivomerezo cha Belgic ndi Malamulo a Dort, komanso khomo lotulukira ngati chiphunzitso chitadzapotoka. Abusa akuda analipo kale nthawi imeneyo. Harry Kambwiri Matecheta anadzozedwa mu 1911, Namon Katengeza ndi Andreya Namkumba mu 1925. Koma kalata yothetsa nkhani inkadikiridwa kuchokera ku Cape. Ine mpaka lero zimenezi sizindikomera.

Kuno kwathu kunalibe wotifunsa n'komwe. Apwitikizi anatseka mishoni ya a Dutch Reformed ya Mphatso ku Angónia mu 1922, ndipo pangano lawo ndi Vatican la mu 1940 linaika sukulu za ana akuda m'manja mwa Akatolika. Ku Ngauma ukapanda kupita kwa abambo a ku Massangulo, ndiye kuti uli kumzikiti ndi abale athu Achiyao. Pobwerera kuno, bambo anga anadutsa pa Chiponde Baibulo ndi katekisima atazikulunga m'nsanza pansi pa dengu la usipa. Tinkapemphera usiku m'khitchini, koloboyi ataikidwa pansi kuti kuwala kusatuluke pazenera, nyimbo n'kumaimba chapansipansi poopa asipayi. Masamba a bukulo ananunkha nsomba mpaka kuthothoka kwake.

Nkhondo itatha mu 1992, tinabwerako kothawa aliyense ndi mwambo wa kumene anasungidwa. Ku Cuamba tinakumana m'kachisi wa udzu, ena ozolowera za Blantyre, ena za Nkhoma, ena Alomwe a ku Nauela, amene mpingo wawo unachokera ku mishoni ya Mihecani ya mu 1913, kumene Lewis Bandawe anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Tinati tilembe zimene tonse tikhulupirira kuti tisamakokanekokane.

Ndime ya Baibulo, yomwe inavutitsa anthu ophunzira aja, inadutsa madzi a nsima asanawire. Mkulu wina anangonyamula buku lake m'mwamba, tonse n'kuti ameni. Pamene panatentha ndi pena. Munthu wamitala akatembenuka, mkazi wachiwiri ndi ana ake apite kuti? Thobwa likagona masiku angati ndiye kuti lasanduka mowa? A ku Nkhoma ankati chinamwali chilowedwe m'malo ndi chilangizo cha mpingo, monga anaonera kutsidya. Mayi wina wa ku Ngauma anaimirira, chitenje atamanga m'chiuno, n'kufunsa kuti: "Abusa, mwana wanga akapanda kupita ku jando amalume ake amukana. Akapita, inu mumukana pa Mgonero. Ndiye akhale wa yani?"

Za mowa tinalemba, za mitala tinalemba mozungulira. Funso la mayi uja tinati likakambidwe kumsonkhano wotsatira, ndipo mlembi anasiya mpata wa mizere itatu m'kope mwake. Msonkhano wotsatirawo unathera pa nkhani ya malata a denga.