Kukopera chimbale cha nyimbo zolumikizana popanda kudukiza

Chimbale cha nyimbo zolumikizana ndi CD yomwe DJ waluka nyimbo kuti ina izilowa mwa inzake, kuchokera koyamba mpaka kumapeto osapumira. Zitsanzo zodziwika ndi Renaissance: The Mix Collection ya Sasha ndi John Digweed ya mu 1994, mndandanda wa DJ-Kicks womwe unayamba mu 1995, ndi zimbale za kalabu ya Fabric ya ku London zomwe zinayamba kutuluka mu 2001. Pa zimbale zoterezi manambala a nyimbo ndi zizindikiro chabe, mawu sadukapo. Luso lonse la DJ lagona pamene nyimbo ziwiri zikukumana, ndipo mpomwe kukopera mosasamala kumaononga.

Gwero la vuto

CD imasunga tizidutswa ta mawu totchedwa masampulo, 44,100 pa sekondi iliyonse, m'magawo 75 a masampulo 588 lililonse. MP3 nayo ili ndi kagawidwe kake: mafelemu a masampulo 1,152, omwe ndi mamilisekondi pafupifupi 26. Kutalika kwa nyimbo sikukwanira ndendende m'mafelemu amenewa, choncho pulogalamu yopanga MP3 imadzaza felemu yomaliza ndi mbali yopanda mawu. Koyambirira nakonso kumakhala kuchedwa: pulogalamu ya LAME imaika masampulo 576, ndipo yolizira nyimbo imaonjezerapo 529. Mtundu wina wa fayilo, AAC, ulinso ndi vuto lomweli.

Pa chimbale wamba palibe amene angazindikire, chifukwa nyimbo imatha kale mwakachetechete. Koma ng'oma zikamagunda mosalekeza, kampata kakang'ono kotereka kamamveka ngati kuphonya, ndipo wovina amataya sitepe.

Njira zokopera

Njira yodalirika kwambiri ndi kukopera chimbale chonse kukhala fayilo imodzi, pamodzi ndi kafayilo ka CUE kolemba mphindi, sekondi ndi gawo pomwe nyimbo iliyonse yayambira. Poti palibe pomwe padulidwa, mpata sungapezeke, ngakhale fayiloyo itakhala MP3. Kuipa kwake nkwakuti mawailesi ambiri a m'galimoto ndi mafoni ena sawerenga CUE, ndiye munthu amangoona nyimbo imodzi yaitali kuposa ola.

Wofuna nyimbo iliyonse payokha asankhe FLAC, yomwe Josh Coalson anaitulutsa mu 2001. FLAC sitaya kanthu ndipo imasunga chiwerengero chenicheni cha masampulo, kotero zidutswazo zikalumikizidwa zimabwerera mmene zinalili pa CD. Imadya malo ambiri kuposa MP3, komabe ochepa poyerekeza ndi WAV, yomwe imatenga pafupifupi 10 MB pa mphindi. Ogg Vorbis ndi Opus nazo zinapangidwa kuti zizilira mosadukiza.

MP3 ingathekenso. LAME imalemba kumayambiriro kwa fayilo kuchuluka kwa masampulo omwe yaonjezera, ndipo pulogalamu yodziwa kuwerenga zimenezi, monga foobar2000, imawadumpha. Apple inabweretsa zofananazo mu iTunes 7 mu 2006.

Pa ntchito yokopera yeniyeniyo, ambiri amadalira Exact Audio Copy ya Andre Wiethoff pa Windows, XLD pa Mac, ndi cdparanoia pa Linux. AccurateRip imafananitsa zomwe mwakopera ndi za ena omwe ali ndi chimbale chomwecho, kuti mudziwe ngati zikande za pa CD sizinasokoneze kanthu.

Zoyenera kusamala

Fayilo ikhoza kukhala yabwinobwino koma cholizira nkumaikabe mpata potsegula nyimbo yotsatira. Apa vuto si kakopedwe. Ena amabisa mpatawo ndi crossfade, yomwe imalowetsa mapeto a nyimbo m'chiyambi cha yotsatira, koma uku nkuononga kawiri, chifukwa kumasakanizanso zomwe DJ anasakaniza kale. Zimitsani chilichonse chodula mbali zopanda mawu, ndipo ReplayGain, yomwe imalinganiza kukwera kwa mawu, ikhale ya chimbale chonse, osati ya nyimbo imodziimodzi, kuti mawu asamakwere ndi kutsika polumikizira. Mukamaliza kukopera, musanasunge CD yanu, mvetserani masekondi omaliza a nyimbo imodzi ndi oyamba a yotsatira pa chipangizo chomwe muzilizira tsiku ndi tsiku.