Muraqabah: Kukumbukira Allah Pakati pa Swala ndi Swala

Muraqabah ndi liwu la Chiarabu lotanthauza kuyang'anira kapena kulondera. M'Chisilamu limanena za mtima wa munthu amene akudziwa kuti Allah akumuona nthawi zonse, kaya ali pamkeka wa Swala, kaya ali pamsika, kudimba kapena kukhitchini. Limayendera limodzi ndi dhikr, yomwe ambiri timaitchula kuti zikiri, kutanthauza kukumbukira Allah ndi lilime komanso mtima. Chotsutsana nacho ndi ghaflah, pamene manja akugwira ntchito koma mtima waiwala Mwini wake.

Swala zisanu, kuphatikizapo wudhu wake, kwa ambiri a ife sizikwana maola awiri patsiku. Maola ena onse timakhala tikusaka chakudya, tikuyenda, tikulera ana ndi kucheza ndi anthu. Muraqabah ndi ya maola amenewo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Ife a m'mphepete mwa nyanja tinazolowera kukumbutsidwa. Ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota azana imamveka kasanu patsiku, ndipo amene waiwala amadzidzimuka poona mnansi wake akulowera kumzikiti. Koma abale athu ambiri amapita kumtunda kukagulitsa usipa, utaka ndi zovala, ena kukagula mtedza ndi soya. Ena mwa iwo amafika ku Mitundu, ku Nathenje pamsewu wa M1, ndi ku Malingunde m'dera la Mfumu Masumbankhunda, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe.

Kumeneko Asilamu ndi ochepa poyerekeza ndi kunyanja, mizikiti ndi yotalikirana, ndipo munthu akhoza kutha tsiku lathunthu osamva azana. Palibe azakhali kapena shehe wa kumudzi woti amudzudzule. Mnyamata amene ankachita zabwino chifukwa choopa maso a anthu amafooka msanga akafika kotere. Amene anaphunzitsidwa kuti Allah akumuona amakhala yemweyo, kaya ali kwa Makanjira kaya ali pamsika wa Mitundu.

Maziko ake

Mu hadith yodziwika ya Jibril, yomwe ili mu Sahih Muslim, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anafunsidwa za Islam, Iman ndi Ihsan. Pa Ihsan anaphunzitsa kuti kapolo apembedze Mbuye wake ndi mtima wa munthu amene akumupenya, ndipo poti maso athu sangathe kutero, akhale wotsimikiza kuti iyeyo ndiye akupenyedwa. Ophunzira a chipembedzo amati apa ndi pamene pali muzu wa muraqabah.

Qur'an nayo siiika zikiri mumzikiti mokha. Surah Al-Imran, ndime 191, ikuyamikira anthu okumbukira Allah m'kakhalidwe kalikonse ka thupi, ngakhale atagona. Surah Al-Jumu'ah, ndime 10, ikuloleza anthu kubwerera kuntchito zawo Swala ya Lachisanu ikatha, koma ikuwalamula kupita nako kukumbukira Allah kuntchitoko. Surah Ar-Ra'd, ndime 28, ikulumikiza zikiri ndi kukhazikika kwa mtima.

Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira m'chaka cha 1111, anapatula gawo lathunthu la buku lake la Ihya Ulum al-Din kuti afotokoze nkhaniyi. Anaiyerekeza ndi wamalonda amene wapatsa mnzake mpamba: m'mawa amagwirizana naye zoyenera kuchita, masana amamuyang'anira, ndipo madzulo amawerengera naye phindu ndi zotayika. Mpamba wathu ndi maola a moyo, ndipo mnzathu wa malondayo ndi mtima wathu womwe. Imam An-Nawawi, yemwe anamwalira m'chaka cha 1277, anasonkhanitsa m'buku la Al-Adhkar ma dua a podzuka, pakudya, paulendo ndi pogona.

Masiku ano kumayiko a kunja kuli njira yotchedwa mindfulness, yomwe Jon Kabat-Zinn anayamba kuigwiritsa ntchito pothandiza odwala ku Massachusetts m'chaka cha 1979. Imaphunzitsa munthu kuika maganizo pa chimene akuchita panthawiyo. Msilamu nayenso amayenera kutero, koma sathera pompo. Amapitirira kufika kwa Allah, amene anam'patsa mpweya ndi ntchito imene ili m'manja mwakeyo.

Pamsika

Palibe malo amene muraqabah imayesedwa kwambiri kuposa pasikelo. Surah Al-Mutaffifin ikuyamba ndi chenjezo loopsa kwa anthu amene amafuna muyezo wodzaza akamagula, koma amachepetsa akamagulitsa. Chenjezoli likukhudza sikelo yosokonezedwa pogula soya kwa mlimi, chigoba chophwanyidwa pansi poyeza usipa, komanso mulu wa nsomba umene zabwino zili pamwamba, zofumbwa zili pansi.

Mu Sahih Muslim mulinso nkhani yoti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapisa dzanja mumulu wa chakudya chogulitsa napeza kuti m'kati mwake ndi monyowa. Anamudzudzula wogulitsayo chifukwa chosaika chonyowacho poonekera, ndipo anadzipatula kwa aliyense wochita chinyengo. Amene amawaza madzi pamtedza kuti ulemere aganizire bwino zimenezi. Kuwonjezera pa kubera wogula, mtedza wonyowa umachita chuku, ndipo chuku chimenecho chimadwalitsa anthu amene adzaudye.

Njira yosavuta ndi iyi: musanayale katundu m'mawa, nenani Bismillah ndipo konzani niya yoti mukusaka chakudya cha halali cha banja lanu. Nthawi iliyonse dzanja likafika pasikelo, kumbukirani kuti wogula mwina sadziwa kuwerenga manambala, koma Allah akuwerenga.

Pamadzi ndi kumunda

Kulingalira za chilengedwe, komwe kumatchedwa tafakkur, ndi mbali ina ya kukumbukira Allah. Amene waima pa Malingunde amaona madamu awiri a Kamuzu, amene amasunga madzi a mtsinje wa Lilongwe kuti amwetse mzinda wonse. Madziwo amachokera kunkhalango ya Dzalanyama, amadutsa mumzinda, amakathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima. Choncho m'bale wathu amene akuchita wudhu kumtundako ndi mayi ake amene akutunga madzi kunyanja akudalira mvula imodzi ndi Mlengi mmodzi.

Kulingalira kotere kuyenera kuoneka m'zochita. Zinalembedwa mu Sahih Bukhari ndi Sahih Muslim kuti Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankachita wudhu ndi muyezo wa mudd, womwe sukwana lita imodzi. Amene akukumbukira izi sataya madzi pamjigo pomwe ena ali pamzere. Mlimi naye akamabzala, kupalira kapena kubandira, lilime lake limakhala lomasuka. Akhoza kunena Subhanallah, Alhamdulillah ndi Astaghfirullah khasu lili m'manja, popanda kuimitsa ntchito.

Panyumba

Bibi Fatima (Allah asangalale naye) anadandaulapo za kupweteka kwa manja chifukwa cha mphero, ndipo anapempha wantchito kwa bambo ake. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa iye ndi mwamuna wake Ali kuti pogona azinena Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33 ndi Allahu Akbar ka 34. Amayi athu amene amakhalira mtondo, mbaula ndi ndowa ya madzi adziwe kuti zikiri imeneyi inaperekedwa koyamba kwa mayi wotopa ngati iwo.

Mkwiyo ndi khomo lina limene ghaflah imalowera. Sunnah imatiphunzitsa kuti wokwiya apemphe chitetezo kwa Allah kwa satana, akhale chete, ndipo ngati waimirira akhale pansi. Zonsezi zimafuna kuti munthu azindikire kaye kuti wakwiya mawu asanatuluke. Maukwati ambiri akanapulumuka ndi kamphindi kameneka.

Foni nayonso ili pansi pa lamulo lomweli. Tisanatumize uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook, tidzifunse ngati tikanakonda kuupeza m'kaundula wathu tsiku la chiweruzo.

Zoyenera kusamala

Choyamba, muraqabah siilowa m'malo mwa Swala. Amene akunena kuti mtima wake uli ndi Allah koma nthawi ya Dhuhr ikumudutsa ali pabenchi ya malonda akudzinamiza. Kumene kulibe azana, dzuwa ndi wotchi zilipo.

Chachiwiri, palibe munthu amene angakhale watcheru mphindi iliyonse. Hanzala (Allah asangalale naye), mmodzi wa maswahaba, anadziona ngati wachiphamaso chifukwa mtima wake unkafewa ali pamaso pa Mtumiki, koma akabwerera kwa mkazi, ana ndi minda ankaiwala zambiri. Abu Bakr (Allah asangalale naye) anavomereza kuti nayenso zimamuchitikira. Atakafunsa, Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anawatonthoza kuti chilichonse chili ndi nthawi yake. Choncho tikaiwala tisataye mtima. Tinene Astaghfirullah ndi kubwerera.

Chachitatu, zikiri imakhazikitsa mtima, koma siiletsa kufuna mankhwala. Amene wakhala masabata osagona, kapena akuganiza zodzipweteka, aperekezedwe kuchipatala uku abale akumuchitira dua.

Kuwakonzekeretsa ana

Ana athu ambiri adzachoka kunyanja kupita kusukulu, kuntchito kapena kumalonda. Mu Surah Luqman, bambo wanzeru akuphunzitsa mwana wake kuti ngakhale chinthu chochepetsetsa chobisika m'thanthwe sichibisika kwa Allah, ndipo akunena zimenezi asanamulamule za Swala. Ifenso titsate dongosolo lomweli. M'malo mongoopseza mwana kuti anthu amuona, tim'phunzitse kuti Allah akumuona ndiponso amakondwera akachita chabwino ali yekha. Tiyambe ndi zochepa: Bismillah pakudya, dua ya potuluka pakhomo, ndi funso limodzi usiku loti lero tachita chiyani chimene Allah wakondwera nacho.

Tikupempha Allah atiike m'gulu la omukumbukira poyera ndi mseri, ndipo ateteze abale athu onse amene ali kutali ndi kwawo. Ameen.