Masheleni Atatu: Mbiri ya Msonkho Kwathu ku Chadiza

Mukafunsa agogo anu a kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala za nthawi ya atsamunda, musadzadabwe kuwaona akuseka pokumbukira munthu amene anagona kuthengo mlungu wathunthu kuthawa amesenjala a msonkho. Nkhani zotere zikambidwa monyadira. Wozemba msonkho anali ngati Kalulu wa m'nthano, ndipo bwana wa ku Boma anali Njobvu. Tsono funso loti mulilingalire m'magulu anu ndi ili: kodi ulemu umene tipatsa makolo aja umuyeneranso munthu wozemba msonkho lero?

Tiyambe ndi kumene msonkhowo unacokera. Mu Januwale 1898 asilikali a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Nsingu, mwana wa mfumu, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mu 1899 Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company. Malo ambiri a kuno anatengedwa ndi kampani ina, ya North Charterland, cifukwa ca cilolezo cimene Mjeremani Carl Wiese anati anacilandira kwa Mpezeni. Acewa okhala pa nthakayo palibe anawafunsa.

Pofika caka ca 1901 nyumba iliyonse inayamba kulipitsidwa masheleni atatu pa caka. Kwa inu ndalamayi imveka yocepa, koma masiku amenewo inali pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu, ndipo m'midzi munalibe ndalama. Munali mapira, nkhuku, mbuzi ndi makasu. Apa ndi pamene panagona cinsinsi. Msonkho sunali wongodzazira thumba la kampani ai. Unali msampha wocotsera amuna pamudzi kuti akagwire nchito kwa Azungu: kunyamula mtengatenga, kulima fodya m'mafamu ozungulira Fort Jameson, kapena kuyenda pansi mpaka ku Walale, ku migodi ndi mafamu a Southern Rhodesia. Ena anabwerako ndi bulangete ndi sutukesi. Ena anakhala macona, ndipo akazi ao anakalamba akuyang'ana kunjira.

Kodi msonkhowo unabwezanji kwa oulipira? Masukulu oyamba a m'dera lino anamangidwa ndi amishoni, osati kampani. Ndipo boma la Britain litatenga dzikoli mu 1924, anthu ambiri anakankhidwira m'malo opanikizana ochedwa marizevu, nthaka yaoyao ili gone m'manja mwa North Charterland, mpaka boma linaigula mu 1941.

Makolo athu anayankha m'njira ziwiri, ndipo muzisiyanitse bwino cifukwa zonse zikalipo. Yoyamba inali kuzemba: kuphwanya lamulo mobisa. Mbiri ikamveka kuti kalembera wafika m'mudzi woyandikana, amuna anali kulowa kuthengo kapena kukwera phiri. A kuno anali ndi mwai wina, pakuti malire a Mozambique ali pafupi, ndipo tsidya linalo kuli abale a mtundu umodzi. Koma kumeneko kunalinso msonkho wa Apwitikizi ndi cibalo, kotero anthu anali kuoloka uku ndi uku poona kumene moto wacepa. Njira yaciwiri inali kulambalala: kusaphwanya lamulo, koma kulipita m'mbali. Popeza cimene cinali kuwerengedwa ndi nyumba, anthu anacepetsa nyumba. Amene kale akadamanga ziwiri anapanikizana mu imodzi, ndipo mwamuna wa mitala anayamba kuona kuti mkazi aliyense ndi masheleni atatu ena. Pambuyo pake boma linaleka kuwerenga madenga n'kuyamba kuwerenga mitu ya amuna, ndipo citupa cinakhala mboni ya yense amene walipira.

Ife sitingawaweruze anthu amenewa. Msonkho woikidwa ndi mfuti, ndi anthu amene sunawasankhe, wosabweza kanthu, usiyana pang'ono cabe ndi kulanda. Ngakhale a m'migodi anaukana poyera: mu Meyi 1935, msonkho wa m'matauni a ku Copperbelt utakwezedwa kufika masheleni 15, anchito ananyanyala, ndipo anthu 6 anaomberedwa n'kufa ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya. Komabe pali mbali ina imene nthano za pamoto siziichula kawirikawiri. Mwamuna akathawa, mlandu sunali kuthawa naye. Unali kutsala pakhomo. Mfumu ya mudzi ndiyo inali kukalipiridwa pamaso pa anthu ake, mkazi ndiye anali kuyankha mafunso a amesenjala, ndipo m'zaka zoyambirira nyumba za osalipira zinali kutenthedwa. Ngakhale pamene kuzemba kunali ndi cifukwa comveka, panali wina amene analipira.

Mu 1964 dziko linakhala lathu, koma mtima woona Boma ngati mlendo sunacoke ndi mbendera ya atsamunda. Mpaka lero timva anthu akuti, "N'za Boma izi," kutanthauza kuti zilibe mwini. Bungwe la Zambia Revenue Authority linayamba nchito mu 1994, ndipo mu 1995 kunabwera msonkho wa VAT. Kucokera pamenepo pafupifupi aliyense alipira, ngakhale amene sanalembedwepo nchito. Mai wogula sopo pa sitolo ya pa Chadiza alibe thengo lothawirako, pakuti msonkho uli kale m'kati mwa mtengo. Mphunzitsi ndi namwino audulidwa malipiro asanafike m'manja.

Nanga ozemba a lero ndani? Ena muwadziwa. Pa cipata ca Chanida katundu ayenera kulembedwa, koma pali tinjira ta kumbali, ta zalewa, m'mene njinga ndi njinga zamoto zipita usiku. Pali wamalonda amene alembetsa makatoni khumi atanyamula makumi atatu, ndi wanchito amene alandira "ya dirinki" n'kuyang'ana kumbali. Mnyamata wopalasa njingayo apatsidwa tindalama tocepa, koma akagwidwa ndiye agona m'citokosi, mwini katundu ali kunyumba. Musanabvomere ganyu yotere, dzifunseni kuti Kalulu ndani pamenepa.

Koma tingakhale osalungama ngati tiloza cala wanjinga yekha. Olambalala akuluakulu sayenda usiku. Ali ndi maloya ndi akatswiri a mabuku a ndalama. Mu 2013 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti kampani ya Zambia Sugar inalipira msonkho wocepa kwambiri pa phindu lake, mwa zina potumiza ndalama ku makampani anzake a ku Ireland ndi Mauritius. Kampaniyo inakana kuti inalakwa, ndipo inati inatsata malamulo ndi mwai umene Boma lenilenilo linapereka. Mu 2020 Khoti Lalikulu la Supreme linagamula kuti Mopani Copper Mines ilipire K240 miliyoni, cifukwa inagulitsa kopa ku kampani ya Glencore, imene inali mwini wake, pa mtengo wotsika. Phindu likaoneka locepa pa pepala, msonkho nawo ucepa.

Apa ena adzati, "Ngati lamulo silinaphwanyidwe, cimo lili pati?" Werengani Marko 7:9-13. Yesu anadzudzula anthu amene anali kuchula cuma cao kuti n'coperekedwa kwa Mulungu, kuti asathandize naco makolo ao okalamba. Mwambo unali kuwalola. Palibe bwalo limene likadawamanga. Koma atate ndi amai ao anagona ndi njala. Sikulakwa kulandira cikhululukiro cimene lamulo linaikira dala anthu onga inu, monga mmene olandira malipiro ocepa sadulidwira msonkho. Koma kupanga malonda a pa pepala cabe, kuti phindu lopezedwa pa nthaka ya Zambia lioneke ngati linabadwira pa cilumba ca kutali, ndi nzeru ya anthu aja a mu Marko.

Enanso adzati, "Ndilipirenji pamene akuluakulu akuba ndalamazo?" Dandaulo ili n'loona, ndipo amene anayendapo m'miseu yathu nthawi ya dzinja sangaliseke. Yohane Mbatizi naye anacenjeza okhometsa msonkho kuti asalipitse moposa muyeso (Luka 3:12-13). Koma pali kusiyana pakati pa inu ndi agogo aja. Iwo analibe voti, analibe khansala, ndipo sakadafunsa bwana wa ku Fort Jameson kumene masheleni ao anapita. Mu 2022 malipiro a sukulu za Boma anacotsedwa mpaka Giredi 12, ndipo thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, Chadiza ali momwemo. Ndalama zimenezi zicokera m'msonkho, wa mphunzitsi uja ndi wa mai wogula sopo. Zofuna kumangidwa nazo ziyambira ku komiti ya citukuko ya mu wadi yanu. Gulu lanu lingathe kutuma anthu awiri ku msonkhano wake wotsatira, atanyamula kope ndi colembera, akafunse kuti cipinda ca sukulu cimene cinalonjezedwa cinadya zingati, ndipo anapatsidwa nchitoyo ndani.