Za Kuiwalika kwa Kale

Makolo a Achewa analibe mabuku, koma kale lao sanalitaye. Mbiri inali kukhala m'mitu ya anthu. Pamphala anyamata anali kumva za Kalonga ndi mudzi wake wa Mankhamba, za Undi amene anapatuka nalowera kumadzulo, ndiponso za Makewana wosunga kachisi wa mvula ku Msinja. Wokamba anali wodziwika, ndipo akaphonya, nkhalamba inzake inali kumkonza pomwepo. Ngakhale sukulu zitafika, anthu a m'midzi anali kuwerengabe zaka ndi zochitika, monga nkhondo ya Chilembwe ya 1915 ndi njala ya 1949. Motero aliyense anadziwa choyamba ndi chotsatira.

Mphala inayamba kuzizira pamene anyamata analowa ulendo wa ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Samuel Nthara anafunsa akuluakulu akali moyo, nalemba buku la Mbiri ya Achewa. Pambuyo pake inadza wailesi, kenaka kanema wa dziko la Malawi mu 1999, komanso lamya ya m'manja ndi intaneti.

Vuto la intaneti si kusowa kwa nkhani, pakuti zilimo zosawerengeka. Vuto lake ndi lakuti imaika zonse pamzere umodzi. Chithunzi cha tsiku la ufulu mu 1964 chimaoneka pamodzi ndi nthabwala ya m'mawa uno, ndipo chala chimodzi chimazikankha zonse ziwiri. Woyamba kunena sadziwika, womkonzanso palibe. Zonse zimasanduka za lero, ndipo pofika mawa zaiwalika.

Kutaya kumeneku si kwamasewera. Milandu ya ufumu ndi ya malire a minda imaweruzidwabe ndi umboni wa okumbukira mibadwo ya mbumba ndi mtengo umene unali malire. Ku Chongoni, kufupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wake mu 2006. Koma mwala sulankhula. Tanthauzo la zithunzi za chinamwali lili ndi anamkungwi, ndipo iwowo sakhala muyaya.

Tsono lamya yomweyo ingathe kusunga mau a nkhalamba, mdzukulu akakhala pansi nafunsa. Akale anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma sangagonere ngati panalibe wowamva.