Divishoni 41 ya asilikali a dziko la Philippines: mbiri yake ndi kayalidwe kake

Divishoni 41 linali gulu lalikulu la asilikali oyenda pansi a dziko la Philippines lomwe linamenyana ndi asilikali a Japan pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Linasonkhanitsidwa kuyambira mu Sepitembala 1941 ndipo linatha mu Epulo 1942 pamene dera la Bataan linagwa m'manja mwa adani. Moyo wake wonse sunapitirire miyezi isanu ndi itatu, komabe olemba mbiri ya nkhondoyi amaliwerengera m'gulu la madivishoni omwe analimba mtima koposa pakati pa asilikali a dzikolo. Mtsogoleri wake anali Brigadier General Vicente Lim.

Chiyambi chake

Dziko la United States linalanda zilumba za Philippines kwa Spain mu 1898. Mu 1935 zilumbazi zinayamba kudzilamulira pa nkhani za m'kati mwa dziko, pulezidenti wake ali Manuel Quezon, ndipo panali lonjezo loti ufulu wonse udzabwera pakatha zaka khumi. Lamulo loyamba lomwe boma latsopanolo linakhazikitsa, mu Disembala 1935, linali lokhudza chitetezo. Quezon anaitana General Douglas MacArthur kuti akhale mlangizi wake, ndipo mmodzi mwa othandiza MacArthur pa ntchitoyi anali Dwight Eisenhower, yemwe patsogolo pake anadzakhala pulezidenti wa America.

Popeza ndalama zinali zochepa, iwo anakonza zoti asilikali olembedwa ntchito akhale owerengeka chabe. Mphamvu ya dziko inayenera kukhala mwa anyamata ophunzitsidwa usilikali kwa miyezi isanu ndi theka, kenako n'kubwezedwa kwawo kukadikira tsiku loitanidwa. Cholinga chinali kuphunzitsa anyamata 40,000 chaka chilichonse kuti pofika 1946 akwane 400,000. Dziko linagawidwa m'zigawo khumi zankhondo, ndipo chigawo chilichonse chinayenera kutulutsa divishoni imodzi. N'chifukwa chake manambala a madivishoniwa amadumphadumpha: 11, 21, 31, 41, mpaka 101. Divishoni 41 inali ya chigawo chachinayi, chomwe chinali ndi maboma a kumwera kwa mzinda wa Manila monga Cavite, Laguna ndi Batangas.

Pa 26 Julayi 1941, ubale wa America ndi Japan utafika poipa, Pulezidenti Franklin Roosevelt analamula kuti asilikali a Philippines alowe pansi pa ulamuliro wa asilikali a America. Likulu latsopano, lodziwika ndi dzina lachidule loti USAFFE, linaperekedwa kwa MacArthur. Kuitana anyamata kunayamba pa 1 Sepitembala, koma chifukwa nyumba zogona ndi zida zinali zosakwana, divishoni iliyonse inayamba ndi rejimenti imodzi yokha. A Divishoni 41 anasonkhanira pa mtunda wa Tagaytay, pamwamba pa nyanja ya Taal. Marejimenti enawo anafika pambuyo pake, ndipo omalizira anali asanathe milungu yambiri pa msasa pamene nkhondo inabuka.

Kayalidwe ka gululi

Pa pepala, divishoni yotere inayenera kukhala ndi amuna opitirira pang'ono 8,000. Msana wake unali marejimenti atatu a asilikali oyenda pansi, omwe manambala ake anali 41, 42 ndi 43. Rejimenti iliyonse inali ndi mabatalioni atatu, ndipo batalioni inagawidwanso m'makampani. Kumbuyo kwa amenewa kunali rejimenti ya mizinga, nayonso ya nambala 41, ndi batalioni ya omanga milatho, misewu ndi malinga. Panalinso magulu aang'ono a zachipatala, a mauthenga, ndi onyamula chakudya ndi zipolopolo.

Akuluakulu olamula anali a ku Philippines komweko, koma pa likulu la divishoni ndi m'marejimenti munaikidwa asilikali a ku America otchedwa alangizi. Mkulu wa alangiziwa ku Divishoni 41 anali Colonel Malcolm Fortier. M'madivishoni ena alangizi otere ndiwo ankayendetsa zinthu, ndipo m'menemo dzina loti mlangizi linali lophimba chabe. Ku Divishoni 41 ulamuliro unakhaladi m'manja mwa Lim.

Chinthu china chomwe chinathandiza gululi, ngakhale sichioneka pa mndandanda wa zida, ndi chilankhulo. Dziko la Philippines lili ndi zilankhulo zoposa 100, ndipo m'madivishoni ena zinkachitika kuti asilikali wamba akulankhula chilankhulo chawo, akuluakulu awo akulankhula Tagalog, alangizi akulankhula Chingerezi, moti lamulo linkafika kwa wogwira mfuti litapindika. Amuna ambiri a Divishoni 41 anali olankhula Tagalog, monganso akuluakulu awo.

Zida ndizo zinali zomvetsa chisoni. Mfuti ya msilikali wamba inali Enfield yotsala pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yaitali kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wa anyamata ambiri a kumeneko, ndipo kachitsulo kake kotulutsira chikhungwa cha chipolopolo kankathyoka kawirikawiri. Mabomba ambiri a mizinga yaing'ono anali okalamba moti ankagwa osaphulika. Zipewa zachitsulo kunalibe: asilikali ankavala zipewa zopangidwa ndi luzi la mtengo wa kokonati, zotchinga dzuwa koma osati chipolopolo. Nsapato zinali zansalu, ndipo zinkatha pa milungu yochepa. Magalimoto akeake a divishoni anali owerengeka, choncho ulendo uliwonse wautali unkadalira mabasi a anthu wamba.

Vicente Lim

Lim anabadwira ku Calamba, m'boma la Laguna, mu 1888. Bambo ake anali ochokera ku China. Mu 1914 iye anakhala munthu woyamba wa ku Philippines kumaliza maphunziro pa sukulu ya usilikali ya West Point ku America, komwe anzake ena ankamunyoza chifukwa cha khungu lake. Atatumikira zaka zambiri m'gulu la Philippine Scouts, lomwe linali mbali ya asilikali a America, analowa m'gulu latsopano la dziko lake ndipo anakwera kufika pa udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa asilikali onse. Nkhondo itayandikira anasiya mpando wa mu ofesi n'kutenga divishoni. Anali munthu wolankhula mosabisa, ndipo anali atadandaula kale kuti ndondomeko ya MacArthur inkathamangira kuchulukitsa asilikali pamene akuluakulu owaphunzitsa ndi kuwatsogolera anali ochepa. Miyezi yoyamba ya nkhondo inasonyeza kuti sananame.

Kuchoka ku Batangas kupita ku Bataan

Ndege za Japan zinaphulitsa bwalo la Clark pa 8 Disembala 1941, patangopita maola ochepa chiphulitsireni Pearl Harbor. Divishoni 41, pamodzi ndi Divishoni 51, inali m'gulu loteteza kumwera kwa chilumba cha Luzon pansi pa General George Parker. Ntchito yake inali kulondera magombe a Batangas, ndipo amuna a Lim anakumba maenje ndi kutchera waya waminga kumeneko. Adani sanadzere njira imeneyo. Gulu lawo lalikulu, pansi pa General Masaharu Homma, linakocheza ku Lingayen, kumpoto, pa 22 Disembala, ndipo lina linakocheza ku Lamon Bay, kum'mawa, pa 24 Disembala.

MacArthur ataona kuti magombe sangatetezeke, anabwerera ku ndondomeko yakale yoti asilikali onse athawire ku Bataan, dera lamapiri ndi nkhalango lomwe lazunguliridwa ndi nyanja mbali zitatu, pakhomo pa doko la Manila. Divishoni 41 inanyamuka pa mabasi nyengo ya Khirisimasi ndipo inali pakati pa magulu oyamba kufika. Inafika yathunthu, isanataye anthu pa nkhondo, ndipo inapeza masiku okwanira okumba maenje ndi kulambula tchire patsogolo pa mfuti zake. Magulu omwe anabwerera m'mbuyo akumenyana kuchokera ku Lingayen sanapeze mwayi umenewu.

Vuto la Bataan linali chakudya. M'deralo munadzaza asilikali pafupifupi 80,000 ndi anthu wamba othawa nkhondo pafupifupi 26,000, pamene mpunga wambiri unali utatsala m'nkhokwe za kunja kwa deralo. Sabata yoyamba ya Januwale 1942 isanathe, chakudya cha msilikali aliyense chinadulidwa ndi theka.

Nkhondo ya ku Abucay

Mzere woyamba wa chitetezo kum'mawa kwa Bataan unayambira m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi tauni ya Abucay, n'kukwera kulowera ku phiri la Natib. Kunyanja kunali rejimenti 57 ya Philippine Scouts, kuphiri kunali Divishoni 51, ndipo pakati, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6, panali Divishoni 41, marejimenti ake atatu atandanda phewa ndi phewa.

Homma ankaganiza kuti otsala ku Bataan anali gulu lobalalika longofuna kukankhidwa. Divishoni yake yamphamvu, ya nambala 48, inali itatengedwa kuti ikamenye nkhondo ku Java, ndipo ntchito ya Bataan anaipereka kwa Brigade 65 ya General Akira Nara, gulu lomwe linakonzedwera kulondera madera olandidwa kale. Nara anayamba kuukira pa 9 Januwale. Kwa masiku otsatira asilikali ake ankabwera usiku, kudzera m'minda ya nzimbe ndi m'zigwa za mitsinje, n'kumagwa pa waya waminga ndi pa mfuti zachiwaya. Malo omwe alanda usiku ankalandidwanso kukacha. Mizinga ya oteteza inawasautsa kwambiri, popeza mitunda yonse inali itayezedwa kale.

Atalephera kuboola kunyanja ndi pakati, a Japan anasunthira mphamvu zawo kuphiri. Pa 16 Januwale Divishoni 51 inasweka, ndipo mbali ya kumadzulo ya Divishoni 41 inatsala pambalambanda. Apa ndi pomwe gululi linapangira dzina lake. Rejimenti 43, yomwe inali kumapeto, sinathawe nawo. Inapinda mzere wake kuyang'ana komwe adani akanadzera, n'kugwira malowo pafupi ndi munda waukulu wa Abucay Hacienda kufikira magulu othandiza atafika. Kwa asilikali omwe ambiri a iwo miyezi itatu m'mbuyomo anali kumunda kapena kusukulu, kupinda mzere adani ali pafupi chotero sichinali chinthu chapafupi.

Mzere wa Abucay unasiyidwabe, chifukwa adani anali atazungulira kudzera m'mapiri ndipo kumadzulo kwa Bataan anali atatseka msewu. Lamulo lobwerera m'mbuyo linaperekedwa pa 22 Januwale, ndipo pofika pa 26 asilikali anali pa mzere wachiwiri, wochokera ku Orion kukafika ku Bagac. Gulu la Nara linali litataya amuna oposa 1,000, ophedwa ndi ovulala.

Phiri la Samat

Pa mzere watsopanowu Divishoni 41 inaikidwa kutsogolo kwa phiri la Samat, moyandikana ndi Divishoni 21. Kumapeto kwa Januwale rejimenti 41 inabwerekedwa kwa General Clifford Bluemel ndipo inathandiza kubweza adani pa kanjira kotchedwa Trail 2. Mu Febuluwale Homma anaimitsa nkhondo n'kupempha asilikali ena ku Tokyo.

Milungu yabata yomwe inatsatira ndiyo inamaliza oteteza Bataan. Njati zoweta zitatha, anadya akavalo ndi abulu a gulu lankhondo, kenako anyani ndi njoka. Mankhwala a kwinini anachepa, malungo ndi kamwazi zinafalikira, ndipo miyendo ya ambiri inatupa chifukwa chosowa zakudya zoyenera. Thandizo lomwe ankalonjezedwa kuchokera ku America silinabwere. Mu Malichi MacArthur anachoka kupita ku Australia molamulidwa ndi Roosevelt, n'kusiya General Jonathan Wainwright.

Pa 3 Epulo 1942, tsiku la Lachisanu Loyera, mizinga ya Japan pafupifupi 150 pamodzi ndi ndege zinayamba kuphulitsa mzerewo cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Moto wochuluka unalunjika pa malo a Divishoni 41. Nsungwi ndi udzu wouma zinayaka, waya wa matelefoni unaduka, ndipo amuna anjala ndi odwala anatuluka m'maenje kuthawa malawi. Pamene akasinja ndi asilikali oyenda pansi a Japan ankafika madzulo a tsikulo, marejimenti 42 ndi 43 anali atabalalika kale. Phiri la Samat linagwa pa 5 Epulo, tsiku la Pasaka, ndipo pa 9 Epulo General Edward King anapereka asilikali onse a ku Bataan, oposa 70,000, m'manja mwa adani.

Pambuyo pa kugonja

Otsala a Divishoni 41 anayenda nawo ulendo womwe mbiri imautcha Ulendo wa Imfa wa ku Bataan: makilomita pafupifupi 100 wapansi kukafika ku San Fernando, kenako m'mabogi otsekeka a sitima yapamtunda mpaka ku Capas, n'kumalizanso wapansi kukalowa mu msasa wa O'Donnell. Anthu zikwizikwi anafera m'njira chifukwa cha ludzu, matenda ndi nkhanza za olondera, ndipo mu msasamo munafera asilikali a ku Philippines oposa 20,000 m'miyezi yochepa. Chakumapeto kwa 1942 ambiri mwa otsala anali atamasulidwa, ndipo ena analowa m'magulu omenya nkhondo mobisala.

Lim atamasulidwa anakagona m'chipatala ku Manila ngati wodwala, pofuna kupewa kugwira ntchito m'boma lomwe a Japan anakhazikitsa, ndipo ali komweko ankalumikizana ndi olimbana ndi adani mobisa. Mu 1944 anagwidwa akuyesa kuthawa pa bwato. Anasungidwa ku Fort Santiago ndi ku ndende ya Bilibid, ndipo anaphedwa chakumapeto kwa chaka chomwecho. Mtembo wake sunapezeke. Nkhope yake inaikidwa pa ndalama yapepala ya 1,000 peso pamodzi ndi José Abad Santos ndi Josefa Llanes Escoda, omwenso anaphedwa m'nthawi ya ulamuliro wa Japan. Ku Tagaytay, komwe gululi linasonkhanira, kuli chipilala cha chikumbutso chake, ndipo pa phiri la Samat paima mtanda waukulu. Tsiku la 9 Epulo ndi tchuthi m'dziko lonselo.

Nkhani ya malipiro inatenga nthawi yaitali kuposa nkhondoyo. Ngakhale amunawa anamenya pansi pa ulamuliro wa America, nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo mu 1946 lomwe linawachotsera ambiri mwa maufulu omwe asilikali opuma a ku America ankalandira. Mu 2009 ndi pomwe America inavomera kupereka ndalama kamodzi kokha kwa omwe anali akadali moyo: madola 15,000 kwa omwe anali nzika za America ndi madola 9,000 kwa enawo. Apa n'kuti mnyamata yemwe anafika ku Tagaytay mu 1941 ali ndi zaka 20 atakwanitsa zaka 88.