Mawu Amene Anabwera ndi Sitima

Mawu akuti "hule" sanabadwire m'Chichewa kapena m'Chiyao. Anachokera kummwera, ndipo amafanana ndi "hoer" a Chiafrikaans ndi "hure" a Chishona. Anafika ndi amuna obwerera ku Joni ndi ku Halale, pamodzi ndi mabulangete ndi masutikesi.

Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, yodzera pa Balaka, inatha kumangidwa m'chaka cha 1935. Mu 1970 inatsegulidwa ina, yopatuka pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi. M'masiteshoni otere munasonkhana alendo, ndalama ndi moŵa. Munafikanso akazi odzagulitsa zakudya, ena mwa iwo osiyidwa ndi amuna amene anatchona. Mwamuna wosiya banja ankatchedwa mtchona, dzina lachisoni chabe. Mkazi wodzifunira yekha chakudya ndiye analandira dzina lonyansalo, kaya wachita dama kaya ayi.

Kumidzi ya ku Machinga, kumene mkazi ndiye mwini mudzi ndipo mwamuna amakhala pachikamwini, mawuŵa sankatuluka wamba. Kutukwana mkazi kunali kutukwana mbumba yonse. Atsibweni ankadzuka, mlandu nkukafika pabwalo, wolakwa nkupepesa ndi nkhuku kapena mbuzi. Koma pasiteshoni panalibe mtsibweni wa munthu.

Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, linazoloŵeretsa anthu kuweruza khalidwe la mkazi poyang'ana chovala chake. Lamulolo linachotsedwa pakufika kwa ndale za zipani zambiri, koma chizoloŵezicho chinatsala. Lero woitanira minibasi pa Liwonde amaponyera mawuŵa mtsikana amene wakana kukwera, anthu nkuseka. Atsikana ena amaitanana nawo okhaokha mwachimasomaso, namati ululu wake unatha.

Sunathe ayi, makutu ndiwo anazoloŵera. Mu Januwale 2012, anyamata ogulitsa malonda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula akazi ovala mathalauzi pagulu, ponamizira kuti akuteteza khalidwe. Malamulo a milandu m'Malaŵi amaletsa kunyoza ulemu wa mkazi ndi mawu, ndipo mu 2013 Nyumba ya Malamulo inaonjezera lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi. Koma mayi wogulitsa nsomba pa Liwonde, amene tsiku lake lonse ndi malonda, kaŵirikaŵiri amangotseka pakamwa napitiriza kuŵerenga ndalama zake.