Za Oomba Nsaru a ku Donegal ndi a Kwathu Kuno

Kuli mtundu wa mabuku umene Akristu a ku America ndi ku Ulaya akonda kuwerenga madzulo ataweruka ku nchito. Ndiwo mabuku a nthano zopeka, koma zoikidwa m'masiku akale enieni: mnyamata woweta nkhosa pa mapiri a ku Ireland, namwali wophunzira kuomba nsaru ya ubweya, cikondi cao, ndi cikhulupiriro cao poyesedwa ndi umphawi. Limodzi la mabukuwa ndilo Heart of the Glen, la Jennifer Deibel, loturuka m'caka ca 2025, ndipo nkhani yace icitikira ku Donegal. Za cikondico tizisiya kwa eni ace. Ife tifuna kufukula nthaka imene nthanozo zameramo, pakuti ifanana ndi nthaka yathu ya kwa Changata.

Donegal ndi dera la miyala ndi mvula, kumpoto ca kumadzulo kwa Ireland. Anthu a kumeneko anali kukhala pa malo a eni cuma, nalipira msonkho wa malo caka ndi caka. Kale lomwe, m'caka ca 1699, Boma la ku England linawaletsa Aairishi kugulitsa nsaru zao za ubweya ku maiko a kunja. Kuyambira 1845 mbatata ya kacewere inaola m'minda zaka zotsatana, ndipo anafa ndi njala anthu ngati 1,000,000. Njala itapita, eni malo ena anaona kuti nkhosa zipindulitsa koposa anthu, nabwera nazo nkhosa ndi abusa a ku Scotland pa mapiri pamene osauka anali kudyetsa ziweto zao. M'mwezi wa April 1861, John George Adair anaturutsa anthu 244 m'nyumba zao ku Derryveagh, nazigwetsa nyumbazo. Ambiri a iwo anaoloka nyanja kunka ku Australia.

Koma nsaru ya ku Donegal sinafe ai. M'caka ca 1866 John Magee anatsegula sitoro yace, nayamba kugula nsaru zoombedwa m'nyumba za anthu. Ndipo pambuyo pa 1891 Boma linatumiza aphunzitsi ndi zoombera zabwino. Kufikira lero nsaruyo, imene aicha tweed, igulidwa kutali.

Tsono tiyeni tibwere kwathu. Ambiri a ife tiyesa kuti makolo athu anadziwa ciwondo ndi zikopa zokha, ndi kuti nsaru inadza ndi Azungu. Si cotero. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire ndi mapiri ano m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja alikulima thonje, alikulipota, alikuliomba m'midzi yao. Anali nalo thonje la mitundu iwiri: thonje manga, locokera kunja, ndi thonje kaja, la dziko lomwe lino, la ulusi waufupi, limene iye anati polikhudza likunga ubweya wa nkhosa. Taonani, nkhosa za makolo athu zinali kumera m'munda! Nchitoyi inali ya amuna. Munthu anali kukhoma zikhomo pansi pabwalo, natambasula ulusi, nakhala masiku ambiri pa nsaru imodzi. Ndipo nsaru yace, yochedwa macila, inali yokhuthala, yosang'ambika msanga, yosinthanitsa ndi malonda ena kufikira ku Zambezi.

Nanga inatha bwanji? Caka comweco ca 1861, pamene a ku Derryveagh anali kulira pa mabwinja a nyumba zao, nkhondo ya akapolo inali kutentha midzi ya Amang'anja, ndipo cilala ca 1862 ndi 1863 cinatsiriza otsala ambiri. Woomba nsaru afuna mudzi wa mtendere. Wothawa sakhoma zikhomo. Pambuyo pace inacuruka nsaru ya merikani ya ku makina, yoyera ndi yosabvuta kupeza, ndipo kampani ya Mandala, yoyamba m'caka ca 1878, pamodzi ndi Azungu a minda, analipira anchito ao ndi nsaru yomweyo. Ndani akadapota thonje mwezi wathunthu, pokhala mkono wa nsaru aupata ndi kusenza katundu?

Kenaka malo anapita. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu makalata otsimikiza kuti malo akuru a mapiri ano ndi ao. Tiyi anabzalidwa ku Thyolo m'caka ca 1908. Abale athu Alomwe, pothawa nkhanza za ku dziko la Apwitikizi, anapeza pokhala pa minda imeneyo, koma mtengo wace unali thangata: kugwira nchito ya mwini malo m'nyengo ya dzinja, yomwe munda wa iwe mwini ulikulira khasu. Thangata anatha m'caka ca 1962. Ife tiyesa kuti kusiyana kwathu ndi Donegal kuli apa: kumeneko kunapezeka ogula nsaru ya wosauka, koma kuno ogula anafuna thonje losapota ndi manja a munthu, osati luso lace.

Kodi mbiri yotere siingabale buku lokoma? Njira inalambulidwa kale. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, nkhani ya munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa kwace kufikira imfa yace, ndi kutembenuka mtima kwace. Analandira nayo mfupo pa mpikisano wa ku London, buku linasindikizidwa m'caka ca 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi m'caka ca 1934. Wofuna kulemba za woomba nsaru wa mapiri ano ayambe ndi mau amene atsala m'kamwa mwathu. Macila, amene lero tinyamulira wodwala, ali nalo dzina limodzi ndi nsaru ija ya Amang'anja. Ndipo njinga, imene ana athu apalasa kunka ku Makwasa, poyamba inali kamtengo kozungulira kopotera thonje.